Tsamba la nthochi pa Chinyonga

Lachiwiri m'mawa, chiperoni chitaphimba phiri la Soche, ndinaima pa Chinyonga kudikira minibasi n'kuona tsamba la nthochi long'ambikang'ambika likudontheza madzi pampanda wa njerwa. Pomwepo ndinakumbuka Matsuo Bashō, mlakatuli wa ku Japan wobadwa mu 1644, yemwe dzina lolembera analitenga ku nthochi imene wophunzira wake anamupatsa, n'kuibzala pakhomo pa kanyumba kake ku Edo. Haiku, mtundu wa ndakatulo zimene iye ankalemba, ndi mizere itatu basi, maphatikizo 5, 7 ndi 5, komatu bamboyu mu 1689 anayenda miyezi pafupifupi isanu kumpoto kwa dziko lake, kwambiri wapansi, n'kutha zaka akusula zimene analembazo. Kuno timakonda alakatuli a pawailesi akamalakatula ndime khumi mosapuma, ndipo nanenso ndimawaombera m'manja, koma mtima wanga umalakalaka wina atalimba mtima n'kufupikitsa, atationetsa chinthu chimodzi n'kukhala chete. Chichewa chingathe ndithu, ngakhale liwu loti "ndinakamuonanso" lokha limadya mzere wapakati wonse. Ndinayesa kuwerenga pazala m'minibasimo, ndipo pofika ku Limbe tsamba lija linali litalowa m'mizere iwiri. Wachitatu ndikuusakabe.