Ndudu imodzi ya chamba isamatengere munthu ku Maula

M'chaka cha 2020 aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Amene ali ndi ndalama zogulira chiphaso ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority akhoza kulima dzuwa likuswa mtengo. Koma mnyamata wa kabaza akapezeka ndi ndudu imodzi m'thumba amakagona m'chitokosi, pakuti lamulo lakale la Dangerous Drugs Act likadaluma. Ife tikuti yakwana nthawi yoti munthu wopezeka ndi kachamba kongosuta yekha asamapite kundende.

Sitikuchemerera fodya wamkuluyu. Madokotala a pachipatala cha matenda a misala ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu amalandira achinyamata ambiri amene mitu yawo idasokonekera nacho. Chomwe tikufunsa n'chakuti ndende imachiza ndani? Ku Maula ndi ku Chichiri akaidi ena amagona chokhala, wina kumsana kwa mnzake, chifuwa chachikulu ndi mphere zikuyenda momwemo. Khoti lidanena kale mu 2009 kuti kuthithikana kotereku n'kuphwanya ufulu wa munthu. Mwana wa Fomu 3 akalowa m'menemo amatuluka sukulu itamudutsa, dzina litada kwa olemba ntchito, atapezanso aphunzitsi atsopano: mbava zenizeni. Ndipo tisanamizane, wa ndalama nkhani yake imathera panjira kapena pa chindapusa. Wotsekeredwa ndi mmphawi.

Dziko la Portugal lidasintha lamulo mu 2001. Wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo osapitirira mlingo wa masiku 10 satengeredwa kukhoti, koma amakaonekera ku komiti ya akatswiri a zaumoyo, a malamulo ndi a zosamalira anthu, amene angamutumize kukalandira thandizo. Wogulitsa amamangidwa ndithu. Chiwerengero cha otenga HIV podzibaya majakisoni chidatsika kwambiri chifukwa anthu adaleka kuthawa chipatala. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ganyu, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu wosuta chamba kunyumba kwake sapalamula.

Pali pena pomwe zidavuta. Boma la Oregon ku America lidachotsa mlandu wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo ochepa kudzera pa voti ya mu 2020, koma zipatala zothandiza omwerekera zidachedwa kukonzeka, anthu n'kumasuta ndi kudzibaya m'misewu poyera. Pofika 2024 adabwezeretsa mlanduwo. Apa mpomwe ife tiyenera kutchera khutu, chifukwa kuno madokotala a matenda a m'mutu ndi owerengeka, ndipo kholo la ku Nsanje kapena ku Chitipa lilibe pafupi pothawira ndi mwana wake.

Choncho aphungu achite ziwiri pakamodzi. Alembe m'lamulo mlingo weniweni, magalamu akutiakuti, wosiyanitsa wosuta ndi wogulitsa, kuti wapolisi asamaweruze ndi maso. Kenaka ndalama zomwe zimapita ku mgaiwa ndi nandolo wa akaidi oterewa, pamodzi ndi gawo la zolipira ziphaso za alimi a chamba, zipite ku zipatala za m'maboma kukalemba anamwino ndi alangizi. Apolisi atsale ndi ntchito yolimbana ndi malole otuluka ku Nkhotakota atadzaza matumba, ndi iwo amene amagulitsa chamba pazipata za sukulu.