WAMVA M'MIMBA NDIYE ATSEKULA CHITSEKO

Makolo adanena kale kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu uli ndi phunziro lalikulu kwa anthu a mu mzinda wa Mzuzu, makamaka ogwira ntchito za boma ndiponso atsogoleri a chipani, amene ndiwo chitsanzo cha anthu. M'maofesi, m'masukulu ndi m'makomo a ku Chibavi, Zolozolo, Katoto ndi Mchengautuwa muli amuna ndi akazi amene akhala akumva kupweteka m'mimba kwa miyezi, ena kwa zaka, koma chitseko cha chipatala sadachitsekulebe. Khalidwe lotere limabwezera chitukuko m'mbuyo, ndipo liyenera kutha.

Nkhani yake imayenda chimodzimodzi pafupifupi paliponse. Munthu akamva m'mimba mukuotcha, amathamangira ku golosale kukagula asipirini kapena bulufeni. Ululu ukaleka tsiku limodzi, iye amati wachira. Ukabweranso, abale amayamba kunong'onezana kuti adadyetsedwa ndi anzake a kuntchito omuchitira nsanje, ndipo ulendo wa kwa sing'anga umayambika. Mbuzi imagulitsidwa, malipiro a mwezi amatha, anthu osalakwa amanenedwa ufiti. Pamene wodwalayo akufika ku chipatala amakhala atafooka, matenda atazika mizu.

Anthu onse ayenera kumvetsa kuti kupweteka kwa m'mimba si matenda paokha, koma chizindikiro chabe, ndipo zoyambitsa zake ndi zambiri. Zilonda za m'mimba kawirikawiri zimabwera ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, adakatulukira mu 1982, nalandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka kamafa ndi mankhwala a kuchipatala omwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti asipirini ndi bulufeni, amene ambiri amathawirako, amanyula khungu la m'kati mwa chifu nakulitsa zilondazo. Kachasu ndi fodya zimangowonjezera moto.

Palinso likodzo la m'matumbo, limene munthu amalitenga posamba kapena pochapa m'madzi okhala ndi nkhono, monga m'madera ena a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay ndi Karonga. Likakhalitsa limawononga chiwindi mpaka munthu kusanza magazi, chonsecho mankhwala ake, praziquantel, ndi odziwika bwino. Chifuwa chachikulu nacho chimatha kukhala m'mimba popanda munthu kutsokomola. Khansa ya m'matumbo ndi ya m'chifu imayamba mwakachetechete, ndipo dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero imapezeka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Matenda onsewa sangasiyanitsidwe ndi maso kapena ndi ula. Afunika kupima magazi, kupima chimbudzi, kujambula m'mimba, ndipo nthawi zina kulowetsa kachubu ka kamera koonera m'kati.

Zizindikiro zimene munthu wanzeru sayenera kuzinyalanyaza ndi izi: kupweteka kopitirira masabata angapo, kuwonda popanda chifukwa, magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda ngati makala, kutsekula m'mimba kosatha, kuvutika pomeza chakudya, ndi chotupa chomveka pokhudza pamimba. Koma munthu akasanza magazi, kapena mimba ikafufuma mwadzidzidzi iye osatha kuchita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya, ameneyo atengedwe ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa matumbo opotana sadikira kuti kuche.

Njira yopezera thandizo ndi yoyalidwa kale. Wodwala ayambe ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, monga cha Mapale m'katikati mwa mzinda, kapena zipatala za mishoni za St John's ndi Ekwendeni. Zikavuta kumeneko, amapatsidwa kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidatsegulidwa mu 2000 chitamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan, kuti chizilandira odwala ochokera m'maboma onse a chigawo cha kumpoto.

Alipo ena odandaula kuti adapita ku chipatala, adangopatsidwa panado, ndipo sadachire. Dandaulo limeneli ndi lomveka ndipo siliyenera kukwiriridwa. Komabe yankho lake si kuthawa chipatala, koma kubwereranso ndi kabuku ka kuchipatala komweko. Anthu ambiri amagula kabuku katsopano ulendo uliwonse, motero dokotala amaganiza kuti matenda angoyamba kumene, nayambiranso pachiyambi. Kabuku kamodzi kosonyeza maulendo atatu kapena anayi ndi mboni yamphamvu yakuti nthawi yopima mozama yakwana. Wodwala afotokoze mosabisa tsiku limene ululu udayamba, malo amene ukumveka, maonekedwe a chimbudzi, ndi mankhwala onse amene wamwa, a zitsamba omwe. Manyazi pamaso pa dokotala alibe phindu. Nawonso ogwira ntchito m'zipatala ali ndi udindo womvetsera mwaulemu ndi kutumiza patsogolo munthu amene wabwera kangapo ndi vuto lomwelo.

Akuluakulu a m'maofesi a boma asaone ngati ulesi pamene kalaliki, mphunzitsi kapena mesenjala apempha tsiku lopita kukapimidwa. Tsiku limodzi loperekedwa lero lingapulumutse wantchito amene boma lidawononga ndalama zambiri pomuphunzitsa. Atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi amayi ndi achinyamata, aike nkhaniyi pa misonkhano yawo, athetse mphekesera za kudyetsana zimene zimagawanitsa anthu, ndipo aperekeze ku chipatala iwo amene akuchita mantha. Mtsogoleri amene iye mwini akubisa matenda sangalangize ena.

Mzuzu, umene udakhala mzinda mu 1985, udali ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018. Chuma chenicheni cha mzindawu ndi anthu amenewa, pakuti munthu wogwira pamimba sangagwire khasu, choko kapena cholembera. Zipatala zilipo, madokotala alipo. Chatsala n'chakuti wamva m'mimbayo adzuke, atsekule chitseko nthawi isanathe.