Katemera wapsa, musanamizire anthu akumudzi

Pa 19 May 2021, pachipatala chachikulu ku Lilongwe, akuluakulu a zaumoyo anaitana atolankhani kuti adzaonerere akutentha katemera wa Covid-19 wokwanira kubaya anthu 19,610. Timabotolo tinalowa m'ng'anjo, makamera akujambula. Atamaliza anatiuza kuti achitira poyera pofuna kuti anthu akhulupirire kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha mphamvu. Kenaka anawonjezera mawu amene andiwawa mpaka lero: akuti katemerayu waonongeka chifukwa anthu akumvera mphekesera, sakubwera kudzabayitsa.

Kutenthako sindikutsutsa. Mankhwala akadutsa tsiku lake, awotchedwe basi, ndipo palibe Mmalawi amene ayenera kulandira zimene ena sangalandire. Chimene ndikukana ndi kutenga mlandu wonse n'kuusenzetsa mayi wa ku Nthalire kapena wa ku Makanjira, amene katemerayu sanamuonepo ndi maso, pamene amene anali ndi makiyi a firiji, galimoto, mafuta ndi ndalama akusamba m'manja.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Katemera amene watenthedwayu anali gawo la wokwanira anthu 102,000 amene anafika m'dziko muno ngati mphatso pa 26 March, tsiku lake lothera mphamvu lili 13 April. Masiku 18 okha. Opereka mphatso yotere nawonso ali ndi funso loti ayankhe, chifukwa kupatsa mnzako chinthu chotsala pang'ono kuwonongeka n'kumutayira zinyalala mwaulemu. Koma anamwino ndi alangizi a zaumoyo anagwira ntchito, ndipo woposa 82,000 analowa m'matupi a anthu. Wotsala ndi 19,610 uja. Dziko lino lili ndi maboma 28. Mukagawa, boma lililonse linkafunika kupeza anthu 700 okha owonjezera, kutanthauza anthu osakwana 40 patsiku. Kodi akuluakulu akufuna tikhulupirire kuti m'boma lonse la Mangochi, kapena la Mzimba, kapena la Dedza, munalibe anthu 40 patsiku ofuna katemera? Msika umodzi wa pa Lizulu tsiku la msika umasonkhanitsa anthu ochuluka kuposa pamenepo dzuwa lisanafike pamutu. Anthuwo analipo. Katemera ndiye sanawafikire.

Amalawi si anthu okana katemera, ndipo amene akunena zimenezo sanakhalepo pa sikelo ya kumudzi. Pitani mukaone. Sikelo yapachikidwa panthambi ya mtengo wa mango, amayi akhala pansi pamzere, aliyense kabuku ka mwana kali m'manja, kokutidwa ndi pepala la shuga kuti kasanyowe. Mlangizi wa zaumoyo, amene kumudzi amangomutchula kuti adokotala, wafika panjinga, bokosi lozizira lili pakaliyala. Mwana akulira, mayi akumugwira mwendo kuti jakisoni alowe bwino, wina akumudonthezera wa poliyo m'kamwa. Palibe wapolisi, palibe wowakakamiza. Ena ayenda mtunda wautali ndi mwana kumbuyo, wina kumanja. Zimenezi zakhala zikuchitika kwa zaka zambirimbiri: wa chifuwa chachikulu, wa chikuku, wa kafumbata, wa chifuwa chokoka mtima, wa chibayo. M'chaka cha 2019 dziko lino linali loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, ndipo amayi anabwera. Alipo a mipingo ina amene amakana mankhwala onse, ndipo tinaona mmene chikuku chinapululira ana m'chaka cha 2010, koma amenewo ndi ochepa. Mayi wamba amalandira katemera chifukwa amamubweretsera pafupi munthu amene amamudziwa, m'chilankhulo chimene amamva.

Nanga wa Covid-19 anamubweretsa ndani? Anamuika m'zipatala n'kumadikira kuti gogo wa zaka 70, wodwala shuga, akwere kabaza ndi ndalama yake kukafunafuna jakisoni wa matenda amene sakumva kupweteka kwake lero. Katemerayu anali wa AstraZeneca, sankachita kufuna firiji yapadera ngati ena a kunja. Ankasungika m'kuzizira komweko kumene timasungira katemera wa ana. Akanatha kukwera njinga yomweyo, m'bokosi lomwelo. Chimene chinasowa ndi mafuta a galimoto, ndalama ya nkhomaliro ya mlangizi, chimkuzamawu cholengezera tsiku, ndi munthu wokhala pansi ndi mafumu kuwafotokozera.

Ndipo tonse tikudziwa kumene ndalama za zinthu zotere zinapita. K6.2 biliyoni ya mliri wa Covid-19 sitinaiwale. Kafukufuku wa momwe inayendera anatuluka mu April 2021, mwezi womwewo umene katemera ankathera mphamvu m'mafiriji, ndipo anaonetsa maalawansi, misonkhano, ndi katundu wogulidwa mosatsata malamulo. Nduna inachotsedwa ntchito, ena anamangidwa. Ndalama zimenezo zinatuluka katemera asanabwere, inde, koma zinali zokonzekeretsa dziko, zophunzitsira anthu, zogulira sopo ndi ndowa. Amene anadya ndalama yophunzitsira anthu sangabwere lero kudzadandaula kuti anthu ndi osaphunzitsidwa. Ndipo akuiwala kuti kuba kumeneku nakonso kunapha chikhulupiriro. Munthu amene wamva pawailesi kuti ndalama za Covid zadyedwa, mawa lake mukamuuza kuti abwere alandire jakisoni wa Covid, akuyang'anani kawiri.

Mphekesera zilipo, sindikukana. Koma tiyeni tinene chilungamo za amene akuzifalitsa. Si gogo wa ku Nthalire, amene alibe ndi foni ya intaneti yomwe. Ndi ife a m'tauni, ophunzira, a mataye, amene timadzuka m'mawa n'kutumiza pa WhatsApp uthenga uliwonse umene wafika usiku, osauwerenga n'komwe mpaka kumapeto. Ndi aphunzitsi ena, ogwira ntchito m'maofesi, ngakhale ena ovala zoyera m'zipatala. Ndi abusa ena amene apeza kuti mantha amadzaza tchalitchi. Uthenga ukachoka kwa mwana wa ku tauni amene analipiriridwa sukulu ndi mudzi wonse, kumudzi umafika ngati lamulo.

Ndipo zimene akunenazo n'zochititsa manyazi. Akuti katemera ndi 666. Munthu wonena zimenezi avule malaya ayang'ane pamkono pake. Chipsera chimene chili pamenepo ndi cha katemera wa chifuwa chachikulu amene anabayidwa ali khanda, mayi ake atamunyamula. Wakhala nacho moyo wake wonse, wabatizidwa nacho, walalikira nacho, ndipo sanadandaulepo. Lero jakisoni wasanduka chilombo chifukwa chakuti wabwera kwa iye wamkulu, osati kwa mwana wake?

Akuti katemera amatseka mimba, azungu akufuna kutimaliza. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Zaka zonsezi ndi zimene katemera wa ana wafalikira mpaka kumidzi yakutali. Ngati cholinga chinali kutimaliza, ntchitoyo yalephereka moonekeratu. Tachuluka chifukwa ana amene kale ankafa ndi chikuku ndi kafumbata akukula n'kubereka awo. Nthomba, imene agogo athu ankaiopa kuposa njala, inatheratu padziko lonse pofika 1980, ndipo inatha ndi katemera.

Komanso taganizani. Dziko la Britain linayamba kubaya anthu ake mu December 2020, n'kuyambira ndi nkhalamba zawo. Maiko olemera anagula katemera wochuluka kuposa chiwerengero cha anthu awo, n'kumakangana okhaokha pa amene alandire poyamba, ife tikudikira mpaka pa 5 March 2021 pamene wokwanira anthu 360,000 anatera ku Lilongwe. Ndi poizoni wanji amene mwini wake amalimbirana kumwa yekha, n'kumamana amene akufuna kumupha? Vuto lathu ndi azungu pankhaniyi linali lakuti ankatimana katemera, osati ankatikakamiza. Ndipo munthu yemweyo woopa jakisoni wochokera kunja akumwa ma ARV ochokera kunja, Panado, mankhwala a malungo, osafunsa kuti muli chiyani.

Ena akuti ife tili ndi zathu: kufukiza masamba a bulugama, jinja, ndimu ndi adyo. Imwani ndimu, palibe akukuletsani, ndipo nthunzi imatsegula mphuno. Koma siyipha kachilombo kamene kakhazikika m'mapapo. Mu January 2021 tinaona anthu akufika kuchipatala mochedwa, atafukiza sabata yonse, mpweya utatsika, achibale akuthamanga uku ndi uku kufuna silinda ya okosijeni. Nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 January. Bwalo la masewera la Bingu linasanduka chipatala. Nzika wamba zinachita kusonkherana ndalama kuti zipatala zipeze mpweya. Pofika May 2021 anthu oposa 1,100 tinali titawaika m'manda, ena popanda mwambo, achibale ataima patali. Patangopita miyezi inayi yokha, wina ankaimirira pamaso pa anthu kunena kuti matendawa kulibe.

Funso limodzi lokha mwa onse amene anthu akufunsa ndi lomveka, la nkhani ya magazi kuundana imene inamveka ku Ulaya mu March 2021. Zimenezo zinachitikadi, koma kwa anthu ochepa kwambiri pakati pa mamiliyoni amene anabayidwa, ndipo akatswiri atafufuza anapeza kuti phindu la katemerayu likuposa kutali chiopsezocho. Ambiri amangomva kuwawa pamkono, kuphwanya thupi kapena kutentha tsiku limodzi kapena awiri. Mu katemeramu mulibe kachilombo ka corona kamoyo. Amangophunzitsa thupi kuzindikira mdaniyo kuti akadzabwera lidzamenyane naye msanga, munthu asafike pogonekedwa. Mawu amenewa satenga mphindi ziwiri kuwanena. Ndani anapita kukawanena m'Chiyao ku Namwera, m'Chitumbuka ku Hewe, m'Chisena ku Nsanje? Pamene boma lakhala chete, mneneri wa pa WhatsApp ndiye amayankha.

Ulesi womwewu ukuoneka pa zaukhondo. M'chaka cha 2020 khomo lililonse la sitolo linali ndi ndowa ya mpopi ndi sopo.  Pofika May 2021 ndowa inalipo, koma youma, mpopi utathyoka, kachidutswa ka sopo katasowa kalekale, ndipo mlonda ankangokulozerani kuti mudutse. M'sukulu zambiri ana akuuzidwa kuti azisamba m'manja pafupipafupi pamene mjigo uli kutali ndipo sopo palibe. Pamaliro tabwereranso ku beseni limodzi: anthu makumi awiri kusamba m'madzi omwewo asanadye nsima, womaliza akusamba m'litsiro la anzake onse. Chonsecho kachilomboka kali ndi chikuto cha mafuta chimene sopo wamba, wa mtanda yemweyu, amachiswa munthu akapaka bwino kwa masekondi 20. Kuthirirana madzi ndi jagi sikufuna biliyoni.

Ndipo sopo yekha sakwanira, chifukwa matendawa amayenda kwambiri ndi mpweya umene timapuma. Pofika May 2021 m'minibasi masiki inali itatsikira pachibwano, inkakwera pokhapokha dalaivala akaona apolisi kutsogolo. Anthu anabwereranso kukhala mothithikana, ndipo June anali pakhomo, nyengo imene aliyense amatseka mawindo chifukwa cha chisanu. Chipinda chotseka, chodzaza anthu oyimba kapena okuwa, ndiye malo amene kachilomboka kamadumphira bwino kuchoka kwa mmodzi kupita kwa ambiri. Tsegulani mawindo m'kalasi, m'tchalitchi, mu mzikiti ndi m'basi, muvale juzi. Masiki ya nsalu itseke mphuno ndi pakamwa. Wodwala chimfine asapite kuntchito kapena kumaliro.

Ndikunena zimenezi chifukwa chakudza sichiimba ng'oma. Mu May 2021 ku India anthu ankawotcha mitembo usana ndi usiku, ndipo dzikolo, limene limapanga katemera wambiri amene maiko osauka timadalira, linali litaimitsa kutumiza kunja katemera wa Covid-19. Ku South Africa chiwerengero cha odwala chinayambanso kukwera, ndipo mabasi ochokera ku Johannesburg ankalowa pa Mwanza ngati kale. Amene anabayidwa mu March ankayenera kulandira wachiwiri mu June, patatha masabata 12. Zinkaoneka kuti tsiku likubwera pamene anthu adzaima pamzere kufuna katemera n'kuuzidwa kuti watha, ndipo tsiku limenelo tidzakumbukira 19,610 uja.

Akuluakulu asatiitanirenso kudzaonerera moto. Atiuze boma ndi boma kuti katemera watsala wochuluka bwanji, akutha mphamvu liti, ndipo galimoto ipita mudzi uti tsiku liti. Ndalama zimene zingabwezedwe ndi amene anadya K6.2 biliyoni zipite kwa alangizi a zaumoyo ndi ku sopo wa m'sukulu. Katemera apite kumsika, kutchalitchi, ku mzikiti ndi pabwalo la mfumu, monga amapitira wa ana.

Inu amene mukuwerenga, ngati simunabayitse, pitani mukabayitse, ndipo mutenge mayi anu ndi bambo anu.