Inverter ya kwa Malenga Chanzi singapeze patent

Mwezi wathawu ndili kwa Malenga Chanzi ku Nkhotakota, mnyamata wina anandionetsa inverter yomwe anapanga yekha, yosintha moto wa batire ya sola kuti uyendetse TV. Funso lake linali limodzi: akalembetse bwanji kuti ena asamubere nzeru?

Ndinamuuza mosapsatira kuti ndalama zake zingolowa m'madzi. Akatswiri a bungwe la ARIPO ku Harare, omwe amaunika mapempho a patent potsatira pangano la 1982, amayamba afufuza ngati nzeruyo inalembedwapo kale kwina kulikonse padziko. Akaipeza, pempho lagwa basi. Ndiye tangoganizani, David Prince analemba za inverter mu 1925! Kukulunga waya mwaluso si kutulukira chatsopano ayi.

Komatu amangwetu, phindu lili pomwepo. Patent imatha mphamvu pakapita zaka 20, ndipo zojambula zake zili poyera pa Google Patents, zaulere. Inu ophunzira a ku MUBAS, ndi inu ogulitsa ma inverter a ku China mu Limbe, chikukuletsani n'chiyani kutenga mapulani akalewa n'kumapanga zathuzathu?

Mnyamata uja ndinamulangiza kuti ndalamazo agulire ma transistor, ndipo chomwe angalembetse ndi dzina la katundu wakeyo.