Kuwerama Konse Si Ukapolo: Umboni wa Liwu Loti Gebückt

Adzukulu anga, kwabuka ophunzira ena amene akulalikira kuti kuwerama ndi kugwada ndi zipsera za ukapolo, ati mitundu yotukuka sichita zotere. Ine ndikukana kwamtuwagalu, ndipo mboni yanga ndi Chijeremani.

Liwu loti gebückt limatanthauza "wowerama". Tsinde lake ndi bück, ndipo ge- kumayambiriro pamodzi ndi -t kumapeto zimasonyeza kuti msana wapindika kale. Likamafotokoza dzina limasintha mathero: ein gebückter Mann ndi bambo wowerama, pomwe eine gebückte Frau ndi mayi wowerama. Nafenso timati munthu wowerama koma chimanga chowerama. Mneni wake ndi sich bücken, ndipo sich uja ali ngati -dzi- wathu wa mu "kudzichepetsa": wopinda msana ndi mwini wake yemwe. Liwuli lilibe chitonzo. Wotola kanthu pansi amatero, ndipo nkhalamba imene zaka zaipinda amati ikuyenda gebückt.

Kuwerama kwa ulemu ali nako ndi liwu lakelake, sich verbeugen. Chitonzo anachisungira liwu lina, katzbuckeln, lochokera ku Katze, mphaka, ndi Buckel, linunda. Limanena za munthu wokunga msana ngati mphaka pofuna kusyasyalika mabwana. Wotereyu amamutchanso Radfahrer, wapanjinga, pakuti kumwamba amawerama koma pansi amapondereza. Mwaona? Anthu amene ali ndi mawu osiyana chonchi amadziwa kulekanitsa ulemu ndi kunyambita mapazi.

Pa 7 Disembala 1970, Willy Brandt, mtsogoleri wa boma la West Germany, anagwada mumzinda wa Warsaw pa chipilala chokumbukira Ayuda amene anaukira Anazi mu 1943. Palibe anamukakamiza. Mu 1971 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Kodi ameneyu anali kapolo wa yani?

Choncho olalikira aja aphonya njira. Kuweramira mkulu chifukwa ndi mkulu ndiwo ulemu. Kuweramira munthu chifukwa cha thumba lake, kenaka n'kukakalipira wantchito kunyumba, ndiwo ukapolo weniweni, ndipo umapezeka ngakhale mwa ovala masuti amene sanagwadepo.

Mtengo amauwongola ukali waung'ono. Inu adzukulu, mukapita kwa agogo gwadani ndi mtima wonse, koma linunda la mphaka lisamere pamsana panu.