Nsanja Zafika, Moto Ukuchedwa

Pamene TNM inkayamba ntchito mu 1995, foni ya m'manja inali ya mabwana a mu Blantyre ndi Lilongwe. Celtel inabwera mu 1999, n'kusanduka Zain, kenako Airtel mu 2010. Lero nsanja za mafoni zaima pamapiri ambiri, ndipo mayi wa ku Makanjira amalandira ndalama ya feteleza pafoni kuchokera kwa mwana wake wa m'tauni, osadikira wina wobwera pa basi. Amene anaimapo pamzere ku positi ofesi sangapeputse zimenezi.

Komabe netiweki ikafika pamudzi, nkhani imakhala itangoyamba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi oposa 8 mwa 10 alionse amakhala kumudzi, kumene nyumba zambiri sizinaonepo nthambo ya ESCOM. Foni ikatha moto imapita kumsika. Kumeneko, m'kanyumba kometera tsitsi, mnyamata amayala mafoni pathabwa, iliyonse itamatidwa kapepala ka dzina la mwiniwake, timawaya titapiringizana kuchokera ku batire la galimoto lomwe limadalira sola ya padenga. Mwini foni amalipira, n'kupita kukagula matemba, n'kubwerera kudzafunsa ngati yadzadza. Kukachita mitambo masiku awiri, amauzidwa kuti abwerenso mawa.

Nsanja nazonso zimadya moto. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi akazima nsanja imayendera jenereta ya dizilo kapena mabatire. Dizilo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Zipangizo za pansanja chimodzimodzi. Ngakhale intaneti yeniyeniyo timachita kuigula, poti dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, choncho nthambo zathu zimadutsa ku Tanzania ndi Mozambique kuti zikakumane ndi za pansi pa nyanja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera mtengo tsiku limodzi, pomwe thumba la chimanga la mlimi silinasinthe kulemera.

N'chifukwa chake ambiri amagula kabandulo ka tsiku limodzi ka WhatsApp, kumva mauthenga, n'kuzimitsa data msangamsanga. Munthu wotere m'mabuku amawerengedwa kuti ali pa intaneti. Ine ndimakayika ngati angaphunzirepo kanthu kapena kufufuza mtengo wa soya ku Lilongwe maso ali pa bandulo yomwe ikutha.

Lamulo la zamauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, loti lifikitse mauthenga kumadera amene makampani saonako phindu. Nsanja yatsopano imaoneka bwino pa tsiku lodula riboni. Koma gawo lina la ndalamazo likanathandiza kwambiri likanapita ku masola a pasukulu ndi pachipatala cha kumudzi, kuti anthu azitchajirapo mafoni popanda kuyenda mtunda.