ZA PAMSIKA: Fanakalo sagulitsa mbatata

Lero ndikamba za malasha. Musatembenuze tsamba, nkhaniyi ithera pa benchi panu pomwepo.

Mu Okutobala 2022 kampani ya magetsi ya Eskom ku Joni inazimitsa siteshoni ya Komati ku Mpumalanga, yomwe inkayendera malasha. World Bank inavomera ndalama zokwana madola 497 miliyoni zoti pamalopo pabwere magetsi a dzuwa ndi mphepo, komanso kuti antchito aphunzire ntchito zina. Kwa anansi athu ku Moatize, m'chigawo cha Tete, mgodi sunatsekedwe koma unasintha eni ake. A Vale a ku Brazil, omwe anayamba kutulutsa malasha mu 2011, anaugulitsa kwa a Vulcan a ku India mu 2022. Wantchito ndi yemwe uja, koma bwana ndi wina, ulemu wake ndi wina.

Tsono ine funso langa nali: ophunzitsa anthuwa ntchito zatsopano, kodi akuwaphunzitsanso kukamba ndi munthu wamtundu wina? Poti sipanala yokha siisunga munthu pantchito.

Ife Amalawi tikudziwa bwino zimenezi. Azigogo athu a Wenela ndi Theba ankayamba aphunzira Fanakalo asanatsike pansi. Ku Wankie, kumgodi wa malasha komwe anthu 427 anafa mu 1972, chinali Chilapalapa. Zimenezi zinali zinenero zolamula: bwera, nyamula, fulumira! Ulendo wa Theba utatha mu 1988, madoda anabwerera ndi wayilesi, njinga ndi mawu a kapitawo. Ena anayesa geni. Koma abale, ndani angagule kwa munthu wokuitana ngati akuitana ngolo?

Bwerani pa Bembeke mudzaone sukulu yeniyeni. Mayi wogulitsa kachewere, mwina sukulu analekeza sitandade 4, m'mawa umodzi amakamba ndi anthu amitundu ingapo. Wa ku Angonia akabwera ndi meticais, mayi amadziwa kuwerengera. Mchawa wa ku Mangochi akatsika m'basi, samulozera kokazinga nkhumba. Gogo wa Chingoni amapatsidwa chenji ndi manja awiri. Dalaivala wa thiraki wa ku Tanzania amagwirizana naye mtengo ndi zala, kenaka kuseka, kenaka banyira pamwamba. Mawa lake onsewo amabweranso. Imeneyo ndiye mabwana amaitcha luso lomvana ndi anthu azikhalidwe zosiyana, nkumalipira mahotela kuti akaphunzire.

Ndiye kwa makampani ndi maboma ndikuti: popereka maphunziro kwa ochoka kumgodi, musalekezere pa mawaya ndi makina. Munthu wakhala zaka khumi akulandira malamulo ndi kukuwa pamwamba pa phokoso la makina. Mphunzitseni kupereka moni, kumvetsera, kukana mwaulemu, ndi kudziwa chomwe chimakwiyitsa mnzake wachipembedzo china. Mukasowa aphunzitsi, kwerani basi mudzatsike pa Bembeke.

Kwa inu amalonda, akabwera wochoka kumgodi ndi kandalama kake kopumira, nkuyala thumba pambali panu, musamuseke akakalipira kasitomala. Mukokereni pambali mumuuze kuti pamsika bwana ndi wogula. Akapsa mtima nkuthawitsa anthu, mzere wonse umagona ndi kabichi wake.

Tionana sabata yamawa, Chauta akalola.